Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Nyimbo ya m'basi ya ku Joni

M'gawo lapitali tinalekezera pa Wenela ku Blantyre, ndikukwera basi ya ku Johannesburg ndi kachikwama kamodzi ndi pasipoti yanyuwani.

Pambali panga panakhala mayi wina wa ku Mulanje, wa geni ya mabulangete ndi mapoto. Asanandifunse n'komwe kumene ndimachokera, anali atandinyemera kale chinangwa chophika. "Achimwene, ndalama musaike pamodzi. Ina mubise mu sokosi."

Titadinditsa pa Mwanza ndi pa Zobue, dalaivala anaika fulashi yake, ndipo nyimbo imodzi inkangobwerabwera. Gitala wa phee, mawu a bambo wotopa. Nkhani yake ndi ya munthu amene wakumana ndi mnzake pa ulendo, adyera limodzi, acheza usiku wonse, kutacha aliyense walowera kwake. Woyimbayo satchula dzina la mnzakeyo ngakhale kamodzi. Amangotchula malo amene anadutsa, limodzi limodzi, ndipo akafika pa kolasi amabwerera ku malo oyamba aja, ngati safuna kuti ulendo uthe.

Ine ndimati mphamvu yake yagona pomwepo. Akanatchula dzina, nyimboyo ikanakhala ya iye yekha. Koma poti sanatero, aliyense m'basi muja ankaikapo munthu wake. Bambo wina kumbuyo ankayimba nawo atatsinzina. Mayi aja anangoti, "Imandikumbutsa malemu bambo a kunyumba," basi, sanawonjezerepo.

Pa Tete kunatentha koopsa, moti powoloka Zambezi tonse tinkadzikupiza ndi mapasipoti. Tinalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare tinadutsa ndi mdima, Masvingo ndinagona. Pa Beitbridge mpamene ndinawadziwa bwino mayiwa. Mzere unali wautali, miyendo itatupa, ndipo iwo anandisungira malo, nandiuza zoyankha akandifunsa kumene ndikukafikira. Anandiuzanso za mwana wawo wa Fomu 3 amene amamulipirira fizi ndi mabulangete omwewa, nkhani zoti mwina sanauzepo ngakhale anzawo a kutchalitchi. Munthu woti mawa simudzaonananso naye ndi wosavuta kumuuza zakukhosi.

Tinawoloka Limpopo, tinadutsa Musina ndi Polokwane, kenako Park Station. Katundu atatsitsidwa, anandigwira dzanja. "Muyende bwino achimwene, musaiwale kwanu." Analowa m'chikhamu cha anthu. Nambala sitinapatsane, ndipo dzina lawo sindinafunse. Ulendo wonse ndinkangoti amayi.

Masiku ano nyimboyo ndili nayo mu foni. Chodabwitsa n'chakuti imandichititsa kusowa ulendo umene panthawiyo ndinkangofuna utatha, wa mipando youma, mantha pa boda ndi zimbudzi zolipira.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani za amalume amene analonjeza kudzandichingamira, ndi mmene ndinagonera pa benchi foni yawo ili yozimitsa.