Chipewa cha atate ndi liwiro la Dave Roberts

Atate anabwera kuno ku Harare kuchokera ku Dedza mzindawu ukadali kutchedwa Salisbury. Atakalamba sankasiyana ndi chipewa chimene anagula pa kaunjika ku Mupedzanhamo, chokhala ndi chilembo B chofiira. Atamwalira ndinachitenga ine, ndipo n'chimene chinandikokera ku Boston Red Sox, timu ya baseball ya ku America, chonsecho kwathu ku Mufakose nkhani imakhala ya mpira wamiyendo wa Dynamos ndi CAPS United basi.

Aliyense wokamba za timuyi amayambira pa Babe Ruth, katswiri womenya mpira. Boston inatenga chikho cha World Series mu 1918, koma kumapeto kwa 1919 mwini timu, Harry Frazee, anagulitsa Ruth ku New York Yankees pa madola 100,000. Chaka chotsatira Ruth anamenya ma home run 54 (kumenya mpira patali mpaka womenyayo kuzungulira bwalo lonse n'kugoletsa). Boston inakhala zaka 86 osalawanso chikho.

Koma kusinthana kumene kumandikhudza mtima ndi kwa pa 31 Julaye 2004. Tsikulo Boston inatumiza Nomar Garciaparra, wokondedwa wa ochemerera, ku Chicago Cubs, anthu n'kudandaula kwambiri. Tsiku lomwelo, mwakachetechete, inatenga Dave Roberts ku Los Angeles Dodgers. Sanabwere kudzakhala katswiri ayi, anamufunira liwiro lokha.

Mu Okutobala, polimbirana ndi Boston malo mu World Series, Yankees inapambana masewero atatu oyamba, kutsala amodzi kuti Boston ituluke. M'masewero achinayi, ndime yachisanu ndi chinayi, yomwe imakhala yomaliza, Boston ikutsalira ndi chigoli chimodzi, analowetsa Roberts kuti angothamanga. Woponya mpira wa Yankees anali Mariano Rivera, ndipo bwalo lonse linkadziwa chimene Roberts walowera. Anathamangabe. Anadziponya chafufumimba pa base yachiwiri (malo achiwiri mwa anayi amene wosewera amadutsa kuti agoletse), dzanja lake n'kufika mpira usanamukhudze, kenako n'kukagoletsa chofananitsa. Boston inapambana usikuwo, n'kupambananso atatu otsatira, kenako inagonjetsa St. Louis Cardinals kanayi motsatizana n'kutenga chikho cha World Series.

Kanemayo ndamuonera pa YouTube kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndimakumbukira atate, amene anagwira ntchito m'khitchini ya eni zaka zambiri popanda wowatchula dzina.

Mu 2020 Boston inapereka katswiri wake Mookie Betts ku Dodgers, zomwe zimandipwetekabe. Dodgers inatenga chikho chaka chomwecho, mphunzitsi wake ali Roberts yemweyo. Mphwanga anandifunsa kuti, “Amalume, ndiye mukondwe kapena mulire?” Ndinamuyankha kuti zonse ziwiri, ndipo ndinamubwereka chipewacho kuti akavale Loweruka.