Nick Holonyak, mwana wa wokumba malasha amene anayatsa LED

Ntchito yanga ndi yokonza matochi, mawailesi ndi nyali za sola, choncho LED, timababu ting'onoting'ono towala m'zipangizozi, ndimazigwira tsiku lililonse. Edison aliyense amamudziwa, koma ndikatchula Nick Holonyak, anzanga apantchito amangondiyang'ana.

Holonyak anabadwa mu 1928 ku Zeigler, m'boma la Illinois ku America. Makolo ake anachokera kum'mawa kwa Ulaya, ndipo bambo ake ankakumba malasha mumgodi. Ali mnyamata ankagwira ntchito yakalavulagaga panjanji ya Illinois Central. Atagwira maola 30 osapuma, anatsimikiza mtima zokaphunzira zamagetsi pa University of Illinois. Kumeneko anakhala wophunzira woyamba wa PhD wa John Bardeen, mmodzi mwa anthu amene anatulukira transistor (kachipangizo kowongolera magetsi m'mawailesi), n'kumaliza mu 1954.

Chachikulu chinachitika mu 1962, akugwira ntchito ku General Electric mumzinda wa Syracuse. Akatswiri ena ankatulutsa kuwala kuchokera ku gallium arsenide, mtundu wina wa semiconductor (zinthu zodutsitsa magetsi pang'ono chabe), koma kunali kwa infrared, kumene maso sangaone. Iye ankafuna kuwala koti munthu akuone. Anasakanizamo chinthu china chotchedwa phosphorus, ndipo LED yake inawala mofiira.

Ife okonza timadziwa phindu lake. Babu lakale limatenthetsa kawaya mpaka kang'anime, ndipo mphamvu zambiri zimangothera m'kutentha. N'chifukwa chake limawotcha chala, komanso mabatire atochi ankatha msanga. LED sifuna kawaya kotentha. Magetsi akamadutsa pamene zigawo ziwiri za semiconductor zakumana, kuwala kumatuluka pomwepo. Ndiye kabatire ka sola kamakwanitsa kuunikira mwana akuwerenga madzulo kumudzi kopanda magetsi.

Mu 2014 mphoto ya Nobel inapita kwa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura chifukwa cha LED ya buluu. Sindikuwanyoza ayi, pakuti nyali zoyera zimene timagulitsazi zimadalira buluuyo. Koma kumusiya Holonyak kumandiwawa mpaka pano. Njira anailambula ndi iyeyo, ndipo ngakhale George Craford, amene anapanga LED yachikasu mu 1972, anali wophunzira wake.

Mu 1963 Holonyak anabwerera ku Illinois kukaphunzitsa, nakhala komweko zaka 50. Mphoto ya Queen Elizabeth Prize for Engineering anaipeza mu 2021 limodzi ndi Craford, Akasaki ndi Nakamura, patangotsala chaka chimodzi kuti amwalire ku Urbana ali ndi zaka 93.