Hilux yathu itayamba kunjenjemera panjira ya ku Nyika

Tinanyamuka ku Lilongwe m'mamawa wa Lachinayi m'mwezi wa Julayi, ine ndi amalume anga. Ulendo unali wa ku Nyika. Amalume anagwirako ntchito kumpoto ali mnyamata, ndipo kwa zaka zambiri akhala akunena kuti miyendo isanawakane akufuna akaonenso mapiri a udzu a kumeneko. Galimoto yathu ndi Toyota Hilux ya 1995, ya dizilo, zija umachita kutsika n'kukakhoma ndi manja mahabu, tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo, kuti matayalawo nawonso azikoka. Ndi yakale, koma ndimaisamala ngati mwana.

Vuto linaonekera titangodutsa Kasungu. Ndikafika makilomita 70 kapena 80 pa ola, pansi pa galimoto pamamveka kulira kwa mtundu wina, ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini, kalilole wapakati n'kumanjenjemera mpaka galimoto zakumbuyo kumaoneka ziwiriziwiri. Mtima unandiwawa chifukwa sabata yomweyo ndinali nditalipira kuti andibalansire matayala onse anayi. Pa Jenda ndinaima n'kuyesa manati onse ndi sipanala. Anali olimba.

M'zitunda za Chikangawa ndi mmene zinafika poipa. Pokwera, ndikaponda moto, kunjenjemera kumabwera mpaka m'mpando; ndikachotsa phazi, kumachepa. Kunali nkhungu, mathiraki a matabwa akutuluka m'tinjira ta m'nkhalango, ndipo malo ambiri amene amalume ankawakumbukira ali ndi paini wothithikana anali zitsa zokhazokha. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anangoti, "Mphwanga, chepetsa liwiro, Mzuzu sathawa." Makilomita opitirira 350 aja tinawamaliza kutada, tikuyenda ngati tanyamula mazira.

Tinagona ku Katoto kwa msuweni wanga. Kuzizira kwa Mzuzu mu Julayi n'kwina, kumalowa m'mafupa, ndipo m'mawa tinathawira ku khofi wa komweko tisanachite china chilichonse. Msuweniyo ndiye anatilondolera ku Luwinga, kwa bambo wina wachikulire wochokera ku Ntcheu amene wakhala akukonza galimoto mumzindamo kwa zaka zambiri. Galaja yake ndi shedi ya malata, dzenje limodzi ndi anyamata awiri.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti bamboyo sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso, ngati dokotala.

"Achimwene, ikamanjenjemera mumaimva pati? M'manja kapena pampando?"

Ndinati pampando ndi pansi pa mapazi, chiwongolero chili phee.

"Nanga mukaima n'kuponda moto, imatero?"

Ndinati ayi. Anagwedeza mutu, n'kupempha makiyi.

Tinalowa msewu wa M1 wopita ku Ekwendeni, iwo akuyendetsa. Atafika pa 80 anaika giya pa neutral, injini n'kutsika mawu, galimoto ikungoyenda yokha. Kunjenjemera kunachepa pang'ono koma sikunathe. "Mwamva? Injini yapuma koma matenda alipobe. Ndiye kuti injini ndi klachi tizichotse pa mlandu. Chimene chikudwala chikuzungulira limodzi ndi liwiro la galimoto." Anabwezera giya, n'kumaponda moto ndi kuchotsa phazi mosinthanasinthana. Nthawi iliyonse akaponda, kulira kuja kumakula.

Apa ndi pamene anandiphunzitsa chinthu chimene sindidzaiwala. Anati tayala losabalansa limagwedeza galimoto mochita kuwerengeka, ngati munthu akukugwedeza paphewa, ndipo likakhala lakutsogolo umalimva m'chiwongolero. Sililabadiranso kuti waponda moto kapena ayi. Koma propshaft, chitsulo chachitali chija chotenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala), imazungulira kanayi ndi kupitirira pamene tayala lazungulira kamodzi. Pa liwiro la 80 tayala limazungulira maulendo 9 kapena 10 pa sekondi, shafti pafupifupi 40. N'chifukwa chake matenda a shafti amamveka ngati kulira kosalekeza osati kugwedeza. Njuchi zanga za m'chitini zija zinali zimenezi.

Titabwerera kugalaja anayang'anabe matayala kaye, kuona ngati muli matope ouma m'kati mwa marimu kapena ngati tayala lina latupa. Munalibe kanthu. Kenaka analowa m'dzenje n'kugwira shafti yakumbuyo ndi manja awiri, kuipotoza uku ndi uku, kuikankhira m'mwamba ndi pansi. Ine ndinkayembekeza kuti imveka gwedegwede. Inali yolimba. Ndinayamba kutaya mtima, ndikuganiza za difu ndi mtengo wake.

Bamboyo sanatekeseke. Anauza mnyamata kuti aike miyala kumatayala, anatenga choko n'kulemba mizere pamalo onse olumikizira shafti kuti idzabwerere mmene inalili, n'kumasula mabawuti. Shafti ija anaigoneka pambali. Anakhoma mahabu akutsogolo, anaika kagiya kakang'ono kotumiza mphamvu ku matayala akutsogolo pa H4, n'kunena kuti, "Tiyeni, lero ikoka ndi miyendo yakutsogolo yokha." Pa Hilux imeneyi zimatheka chifukwa shafti imamangidwa ndi mabawuti pa flanji, mbale yachitsulo yolumikizira, moti ukaichotsa oyilo satayika. Tinabwerera mumsewu womwe uja, mofatsa, mpaka pa 80. Kalilole anali bata. Amalume, amene ulendo uno anakwera nawo, anaomba m'manja kumbuyo.

Shafti ija ataiika pa vayisi ndi pamene chilonda chinaoneka. Kumapeto kwa shafti kumakhala kachitsulo kooneka ngati mtanda, amakanika amangoti krosi, kamene kamalola shafti kupindika ikuzungulira. Krosi ya mbali ya difu inkapindika bwino mbali imodzi, koma mbali inayo inkachita kufuna mphamvu, n'kumagwira pakati. M'mphepete mwa imodzi mwa makapu anayi ovala kumikono ya krosiyo munali fumbi lofiira la dzimbiri. Atagogoda kapuyo ndi nyundo n'kuitulutsa, tisingano ta m'kati tinali touma, tina titasanduka ufa, mkono wa krosi uli ndi mizeremizere yodyeka.

"Anthu ambiri amafuna krosi yogwedera," anatero. "Koma yomwe yauma n'kugwira sigwedera. Ili pagalimoto imakunamiza kuti ili bwino. Uyenera kuitsitsa."

Anandionetsanso malo amene shafti imalowana kuti izitha kutalika ndi kufupika masipuling'i akamagwira ntchito. Mafoloko ogwira makrosi, a kumapeto onse awiri, ayenera kuyang'ana mofanana. Krosi ikamazungulira itapindika, imathamanga ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo inzake ya kumapeto ena ndi imene imafafaniza zimenezo. Munthu akaisolola n'kuibwezera ataphonya dzino limodzi kapena awiri, galimoto imanjenjemera ngakhale zonse zili zatsopano. Yanga inali pamzere, ndipo tizitsulo ta balansi towotcherera pashafti tinalipo tonse. Ndinafunsa kuti ndikanapitirira nayo chikanachitika n'chiyani. Anati krosi youma imatentha mpaka kuthyoka, ndipo shafti ikagwa galimoto ikuthamanga imamenya chilichonse chili pansipo. Ndinaganiza za amalume pampando ndi zitunda za Chikangawa usiku uja, thupi linachita tsembwe.

Krosi yatsopano tinakaigula m'tauni, yakaleyo ili m'manja kuti tiyerekeze kukula kwa makapu. Bamboyo anakana ziwiri asanavomere yachitatu, yokhala ndi kabowo kopopera girizi. Tikudikira kuti aiike, ine ndi amalume tinadya nsima ya kondowole ndi usipa wa ku Nkhata Bay pamalo ena pafupi ndi msika, mayi wogulitsa akutilankhula Chitumbuka ife n'kumayankha Chichewa, tikumvana bwinobwino. Titabwerera tinapeza akupopa girizi. Sanaleke mpaka atatuluka m'makapu onse anayi. Anapopanso makrosi ena onse, ngakhale a shafti yakutsogolo, n'kundiuza kuti ndizichita zimenezi nthawi iliyonse ndikasintha oyilo, komanso ndikangodutsa m'madzi akuya kapena m'matope. Kunena zoona, m'zaka zonse zimene ndakhala ndi galimotoyi palibe amene anandiuzapo zimenezi, ndipo zimandipweteka kuti ambiri amene timayenda ndi galimoto zakalezi m'misewu ya fumbi sitizidziwa.

Ndalama imene anatchula inali yochepa poyerekeza ndi nthawi imene anataya pa ife. Amalume anawagwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Bambo, mwatisunga."

Loweruka m'mawa tinatuluka mu Mzuzu nkhungu isanachoke. Tinadutsa Ekwendeni, tinakhotera ku Rumphi kumene tinathira dizilo komaliza, kenaka Bolero, mpaka msewu wa fumbi. Pa geti la Thazima lolowera ku Nyika, amalume akulembetsa, ndinagona pansi pa galimoto monga anandilangizira bambo aja, n'kugwira makapu a krosi yatsopano imodziimodzi. Anali ofunda pang'ono chabe. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, ndinakhoma mahabu, tinayamba kukwera kulowera ku Chelinda.