Mazombi atafika pa Kamuzu Road, ine mfuti sindikuifuna

Tikangomaliza kuonera filimu ya mazombi pamakhala wina wofunsa kuti zitachitika kuno ku Salima iwe ungatenge chida chanji, nde aliyense amathamangira mfuti, wina AK-47, wina mpaka bazuka chonsecho sanaionepo ndi maso. Ine ndimakana, koma pakamwa anthu amakudula mawu usanamalize, nde ndati ndingolemba basi, amene akufuna kutsutsa atsutse atawerenga.

Tigwirizane kaye za mazombi ake. Sindikunena ndondocha ayi, ija amati ili ndi mwini wake ndipo ntchito yake ndi kulima kapena kutchezera kuchigayo, siluma munthu. Ndikunena a m'mafilimu aja, munthu anafa koma akuyendabe, samva kuwawa, satopa, amatsata phokoso, akakuluma nawenso usanduka, ndipo sagwa pokhapokha umupweteke mutu. Ena amayenda modzandira ngati munthu wochokera ku kachasu, ena amathamanga. Ngati abwere ndi othamangawo ndiye tisatayepo nthawi, tonse tapita, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi ndipo iwo satopa. Tikambe za odzandirawa.

Mfutiyo choyamba uitenga kuti? Kuno mfuti siigulidwa pa okala, pamafunika laisensi ya kupolisi, lamulo lake ndi la 1967 ndipo anthu wamba amene ali nayo ndi owerengeka. Ma AK amene analowa kuchokera ku Mozambique nkhondo yawo itatha mu 1992 ambiri anathera m'manja mwa achifwamba, za a Payoniya asilikali analanda mu December 1993 pa Operation Bwezani. Nde wina amati aise, sukulu ya asilikali ya MAFCO ili konkuno, a Parachute Battalion ali pa Senga Bay pompa, mfuti zili mbwee. Kkkk ukuganiza kuti dziko litasokonekera msilikali adzakuwona ukubwera chothamanga, uli thukuta kamukamu, maso ali psuu, iye nkukutsegulira geti kuti lowani bwana sankhani yomwe mukufuna? Adzayesa ndiwe zombi yoyamba imene.

Tinene kuti waipeza. Magazini ya AK imalowa zipolopolo 30. Uyenera kuwombera mutu, mutu wa chinthu choti chikugwedezeka, manja ako akunjenjemera, usanawomberepo chibadwire. Pa 30 paja ukalasa atatu ndiwe katswiri. Zikatha watsala ndi chitsulo cha makilo anayi choti ungopachika paphewa. Komanso phokoso. Salima ndi chidikha, kulibe phiri lotchinga mawu pakati pa tawuni, kuwomba kamodzi pa depoti ndiye kuti waitana msika wonse, a ku sitesheni ya sitima, mpaka a ku Kaphatenga ayamba ulendo. Gogodela ija amasakira nyama mobisa ndiye musaitchule nkomwe, kuthira wonga kukamwa kwake, kusinja ndi kamtengo, kuwomba kamodzi nkuyambiranso, ndipo nthawi ya dzinja wonga ukanyowa imangoti tche osalira. Makina ochekera matabwa aja amawakonda m'mafilimu nawonso chimodzimodzi, amalira kuposa mfuti ndipo amamwa petulo, inu mukudziwa mizere tinaima pa filling station zaka zapitazi dziko lili pa mtendere, nanga litagwa?

Yankho lachiwiri la anthu ambiri ndi chikwanje, ndipo apa sindikangana nawo kwambiri. Chili m'nyumba iliyonse, sichilira, umadula nacho bango, nkhuni, nsungwi, kutsegula njira, kutumbula kampango. Nditenga ndithu, koma ngati chogwirira ntchito. Pomenyera chili ndi mavuto awiri. Ndi chachifupi, theka la mita basi, kutanthauza kuti pofika poti ukhape dzanja lako lili kale pafupi ndi mano ake. Kwinako chimakanirira. Amene anadulapo mtengo wauwisi wa mango akudziwa, umatema mwamphamvu chikwanje nkulowa nkukana kutuluka, umachita kuponda mtengowo ndi phazi uku ukugwedeza chigwiriro uku ndi uku. Pamtengo palibe vuto, mtengo ulibe anzake akubwera kumbuyo kwako. Ndiye chimabunthanso msanga, osaiwala tupa m'thumba.

Nkhwangwa ili bwino pa kulemera, makamaka zija amasula ndi sipuling'i ya galimoto, koma ili ndi khalidwe lake loguluka. Chitsulo chija amangochiwotcha nkuchilowetsa pa mfundo ya mpini, palibe bawuti palibe msomali, nde kukatentha mtengo ukauma chimayamba kugwedera, ukangoponya mwamphamvu chitsulo chauluka uko iwe watsala ndi kamtengo m'manja. Akuluakulu amaiviika m'madzi usiku kuti mpini ufufume, kapena kuigogoda pamwala asanayambe ntchito. Pothawa nthawi imeneyo suipeza.

Ine changa ndi khasu. Musaseke. Funso lenileni si lakuti chida choopsa kwambiri ndi chiti, koma ndi chiti chimene ungachikweze ndi kuchitsitsa kambirimbiri osakomoka, chifukwa mazombi sabwera mmodzi. Thupi la Mmalawi wakumudzi linaphunzira kale kayendedwe kamodzi kameneka kuyambira ali mwana, kukweza, kutsitsa, sitepe, kukweza, kutsitsa. Agogo anga aakazi amalowa m'munda kusanache nkumapanga mizere mpaka dzuwa lifike paliwombo, mwezi wa October, kutentha kwa kuno mukukudziwa, pomwe mnyamata wa ku jimu wa mabaisepu ake ukampatsa ndime imodzi wayamba kufunsa madzi. Mpini wake ndi wautali kuposa chikwanje, umamenya uli patali, ndipo sufunika kumenya ndi kukamwa kwake kuti likanirire, umalitembenuza nkugwiritsa kumutu kuja kuli mfundo. Likaguluka mpini wokhawo ndi chibonga kale. Ukathyoka mitengo ili paliponse, aliyense amadziwa kusema wina. Ndiye zonse zikatha, kapena zisanathe nkomwe, uyenera kudya, ndipo palibe amene anabzalapo chinangwa ndi AK. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, khasu lili kuseri kwa chitseko pano ndikulemba pano.

Amayi asadandaule, munsi uliponso. Kuyenda nawo mtunda wautali ndi chilango, koma poteteza pakhomo, munthu ataima mkati zinthuzo zikulowa imodziimodzi, mayi amene anakulira kusinja ndi kukonola sindingafune kukhala zombi yoyamba kusuzumira.

Pagulu payeneranso kukhala awiri a nsungwi zazitali, mamita awiri kapena kuposa, zosongola kapena zamphanda kumapeto. Ntchito yawo si kupha ayi, ndi kukankha ndi kugwetsa, wakhasu nkumalizitsa. Mkondo weniweni ndi uta zinali bwino kale, koma tinene zoona, ndi angati mwa ife amene angalase ndi muvi ngakhale mgolo uli poima? Timangoziona pa magule.

Legeni anthu amaiderera. Zombi siingagwe nayo, zoona, koma zinthuzi zimatsata phokoso eti? Nde ukafuna kudutsa pamsewu umaponya mwala padenga la malata la nyumba ya uko, phoo, onse atembenukira komweko iwe nkudutsa mwakachetechete. Imakupatsanso njiwa ya ndiwo. Kupanga kwake ndi kamphanda, mphira ya chubu chakale ndi kachikopa ka lilime la nsapato, basi. Kunyanja kuno miyala yabwino imasowa, ndi mchenga wokhawokha, nchifukwa chake tili ana tinkaumba timipira ta dothi la kudambo nkutiyanika padzuwa, tikauma timalimba gwa ndipo timauluka mowongoka kuposa mwala. Ntchito imeneyi apatsidwe ana, asamangolira.

Zovala ndidutsapo msanga chifukwa yankho lake ndi lowawa. M'mafilimu amavala majekete achikopa, kuno ukavala zimenezo mwezi wa November ufa ndi kutentha zombi isanakuwone. Jinzi, magambuti, ndi kukulunga mikono ndi zidutswa za tayala la njinga kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono, poti munthu akamadziteteza amatsogoza mkono. Helemeti ya akabaza a njinga yamoto ngati ilipo, koma imatseka makutu.

Kuthawira kuti? Ku Lilongwe ayi ndithu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mumzinda mokhamo, pomwe boma lonse la Salima tinali 478,000 ndi kanthu, omwazikana m'midzi. Ndiye upalase makilomita pafupifupi 100 pa M14, chokwera, kupita kumene kuli anthu oluma ochuluka? Ku nkhalango ya Thuma kuli njovu, sizifunsa kuti ndiwe wamoyo kapena ayi. M5 ndi msewu wa milatho, Linthipe akadzaza kapena galimoto ziwiri zikatsekereza pamlatho basi mwathera pomwepo. Njinga yakapalasa ndiyo galimoto ya nthawi imeneyo, siimwa mafuta, siilira bola uthire oilo pa tcheni, ndipo akabaza a pa Kamuzu Road amene amanyamula matumba awiri a chimanga ndi munthu pamwamba adzakhala mabwana. Pampu, zigamba ndi guluu zikhale m'chikwama, minga ya kuno siichita manyazi.

Koma njingayo ikufikitse kunyanja, chifukwa mwayi wathu waukulu ndi umenewo. Taganizani, matenda enieni ofanana ndi za mazombizi ndi chiwewe. Chimalowa polumidwa, chimakwera mpaka ku ubongo, munthu amasokonezeka, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuchira kulibe, a WHO amati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse. Chizindikiro chake chodziwika ndi kuopa madzi, wodwala amalephera ngakhale kumeza. Nde ngati mazombi ali a mtundu umenewo, ife a m'mphepete mwa nyanja tawina kale. Ngakhale asaope, sindinaonepo filimu imene zombi ikupalasa bwato. (Pa za chiwewezi sindikuseka, galu akakulumani tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira mazombi.)

Zilumba tili nazo. Namalenje kali pafupi ndi Senga Bay koma ndi miyala, ang'azi ndi zitosi za mbalame, mungagonepo usiku umodzi basi. Maleri, Nankoma ndi Nakantenga ndi zabwinoko, kuli mitengo, nsomba zili pomwepo. Mbenji ndiye chilumba chimene chili ndi dongosolo kale, mafumu a Makanjira akhala akuchiyang'anira kuyambira zaka za m'ma 1950, amatseka usodzi nthawi ya dzinja nkudzatsegula cha mu April, ndipo malamulo ake ndi okhwima, mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, akazi saloledwa. Malo oti anthu anazolowera kumvera lamulo ndi amene angapulumuke pa chipwirikiti, koma nditawauza mayi akunyumba za lamulo lomalizalo anangoti ndiye mukapite nokha bambo, ine ndi ana tikakhala ku Maleri, ufa titenga ndife. Nkhani ya Mbenji inathera pomwepo.

Bwato nalo si njinga yoti ungokwera. Kukamwa kwake ndi kopapatiza, umakhala pamwamba miyendo yokha ndi imene ili mkati, ukangosuntha thako molakwika wagudubuka. Kuyambira June mpaka August mwera ukawuka ngakhale asodzi enieni amakoka mabwato kumtunda nkukhala pansi kusoka maukonde. Kumathiriro a mitsinje kuli ng'ona, m'mabango muli mvuu, ndipo mvuu siiopa khasu. Boti la injini ndi labwino mpaka petulo atathe. Nkhafi yokha ndiyo ndaikonda, mtengo wolimba, wautali, kumapeto kosongoka, ukafika pagombe ndi chida kale.

Pachilumbapo chimene chingatimalize si mazombi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a kunyanja tinaiona bwinobwino. Anthu mazana pa kachilumba kopanda zimbudzi, onse akumwa madzi a m'mphepete momwemo, sabata ziwiri sizikwana. Onjezani malungo ndi likodzo. Nde m'chikwama changa malo amene mnzanga waika zipolopolo ine ndaika kolorini, Thanzi ORS, mankhwala a malungo a LA, neti, machesi okulunga m'jumbo, mbedza ndi mchere. Neti yake yogonamo, osati yokokera usipa, ndakuonani.

Pali chinanso chimene chimandiopsa kuposa zonsezi. Mukukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anatenga zikwanje ndi zibonga zomwezi nkumatchinga misewu usiku, ndipo anthu osalakwa anaphedwa, ena chifukwa chongokhala achilendo pamalopo, ena odwala misala. Namapopa ngakhale mmodzi sanapezeke. Nde tsiku limene voice note ya mazombi idzayambe kuzungulira pa WhatsApp, ine ndidzayamba kuopa amoyo. Pagulu langa lamulo lidzakhala lakuti usanakweze khasu upereke moni kaye, mwaswera bwanji, kawiri. Akayankha, ngakhale mokutukwana, ngakhale akudzandira, ameneyo ndi wathu, angokhala waledzera kapena wadwala. Zombi siyankha moni.

Chatsala ndi malo m'bwato. Bwato limodzi limanyamula anthu ochepa, ndipo mwini wake ndi amene adzasankhe wokwera, ndalama nthawi imeneyo zidzakhala mapepala oyatsira mbaula. Nde inu amene mumapita ku Nguwo kapena ku Chikombe m'mawa nkumanenerera usipa mpaka msodzi akwiye, ndi inu amene munatenga chambo pangongole mwezi wa March nkusintha njira, kabwezeni sabata ino.