Zikomo nonse, baki ya malume yabwerera pamsewu

Loweruka lapitali baki (kagalimoto ka pikapu) ya malemu malume anga yakhoza mayeso a roadworthy, oona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ndinaiyendetsa ndekha kuno ku Johannesburg, kuchoka ku Rosettenville mpaka ku Soweto, osamva kugogoda kulikonse pansi. Pobwerera misozi inali m'maso.

Ndi Nissan 1400, imodzi mwa zija ankapanga ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka 2008. Eni dziko amaitcha Kanniedood, kutanthauza kuti siifa. Koma iyi inatsala pang'ono. Malume anaigwiritsa ntchito zaka zambiri ku Durban, ndiye mphepo yamchere ya kunyanja inaidya. Poponda mapazi panali pobooka, ndipo m'munsi mwa zitseko dzimbiri linkathothoka ukangokanda ndi chala.

Ndiyambe ndi inu madala a ku Booysens, owongola magalimoto, akwathu a ku Mangochi. Ine ndinkafuna kungomata fila n'kupaka penti poti ndalama zinali zochepa. Munakana. Munati dzimbiri ukaliphimba limadyera mkati, mvula ikagwa kawiri penti amatupa. Munadula paliponse powola, n'kuwotcherera chitsulo chatsopano kachigamba ndi kachigamba, masiku ena mukudikira magetsi mpaka dzuwa kupendeka. Masiku odikirawo simunandiwerengere. Lero ndikasisita chitseko ndi dzanja sindipeza pomwe munalumikiza. Ambuye akudalitseni, bambo.

Alamu, inu ndiye munagona nane pansi pa galimoto Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Masipuling'i akumbuyo, aja a zitsulo zosanjikizana, anali atagoneratu ndi katundu wa zaka zonsezo, baki ikuyenda chokhalira kumbuyo. Mabawuti ake anagwirana ndi dzimbiri moti tinathira mafuta sabata yathunthu asanalole kumasuka. Tinasintha mabushi onse, mashoko akumbuyo, ndi ma strut awiri, omwe ndi mashoko akutsogolo. Chala chanu chija chomwe sipanala inatswa, sindinaiwale.

Anzanga a chipereganyu, munalola kuti ndilandire mwezi womwe sunali wanga kuti ndigule penti. Zikomo.

Mayi a kunyumba, zaka ziwiri mwapirira fumbi la sandipepala pa zovala zoyanika, ndipo tsiku lomwe ndinati tingoigulitsa kwa a sikirapu, ndinu munati ayi, malume anakulipirirani sukulu ndi galimoto imeneyi.

Mu Disembala, Mulungu akalola, tidzanyamuka ku Johannesburg m'bandakucha, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kukalowera pa Mwanza. Akazi a malume andiuza kale pafoni kuti mpando wakutsogolo ndi wawo.