Lipoti la ulendo wathu wa ku Wasilla ndi Nenana

Gulu lathu la anamwino ndi azaumoyo amene tili pa maphunziro osinthana ku Anchorage, m'chigawo cha Alaska ku America, linakonza ulendo wokaona njira imene mankhwala a diphtheria (matenda otseka kukhosi) anadzera mu 1925, pamene agalu okoka chileyi anawanyamula kupita ku tauni ya Nome. Anzathu amene munatsala pa ntchito, nazi zimene tinaona.

Tinayambira ku Wasilla, ku likulu la mpikisano wa agalu wa Iditarod umene unayamba mu 1973. Kumeneko kuli Togo, galu wotsogolera wa Leonhard Seppala, mmodzi mwa amuna amene ananyamula mankhwalawo; galuyo anamuumitsa n'kumuika m'bokosi lagalasi. Ndi kagalu kochepa thupi, moti ena mwa ife sanakhulupirire kuti n'komweko. Anationetsanso chileyi chamatabwa, chomanga ndi zingwe m'malo mwa misomali kuti chizipindika pa ayezi osathyoka. Woyendetsa alibe chingwe chokhotetsera agalu. Amangofuula "gee" akafuna kumanja, "haw" akafuna kumanzere, ndipo galu wotsogolera akapanda kumva, onse asochera.

Ku Nenana ndi kumene tinakhalitsa. Pa siteshoni ya sitima ya pamtunda imeneyi ndi pamene phukusi la mankhwala lochokera ku Anchorage linatsitsidwa usiku wa pa 27 Januwale 1925. Ku Nome, Dr Curtis Welch anali ndi ana otsekeka kukhosi koma mankhwala ake anali otha ntchito. Nyanja inali itaundana, sitima zapamadzi sizikanafika mpaka chilimwe, ndipo ndege za nthawi imeneyo zinali zosafoleredwa pamwamba. Bwanamkubwa wa Alaska, Scott Bone, anasankha agalu. Amuna 20 ndi agalu pafupifupi 150 anapatsirana phukusilo pa mtunda wa makilomita 1,085, n'kufika pa 2 Febuluwale. Makalata pa njira yomweyo ankayenda milungu yoposa itatu.

Chimene chinatigwira mtima ife azaumoyo n'chakuti vuto lawo linali lotembenuka ndi lathu. Kwathu timavutika kuti katemera asatenthe pa njinga popita ku sikelo ya kumudzi, pamene iwo ankaopa kuti mankhwala aundana. Ankawakulunga m'gombeza ndi chinsalu cholimba, ndipo akafika pa nyumba yopumulira ankayamba awalowetsa pafupi ndi moto asanapatsire wina.

Nyumba zopumulirazi n'zimene ine ndikuona kuti zinapulumutsa Nome. Zinamangidwa motalikirana ulendo wa tsiku limodzi chifukwa cha anthu okumba golide ndi onyamula makalata. Panali nkhuni, chakudya cha anthu, ndi nsomba zouma za salmon zodyetsa agalu. Ambiri mwa amene ananyamula mankhwala m'mbali mwa mitsinje ya Tanana ndi Yukon anali eni nthaka a mtundu wa Athabascan, anthu oidziwa njirayo ngakhale mu mdima. Mmodzi mwa iwo, Charlie Evans, agalu ake awiri atalephera ndi chisanu, anadzimanga yekha kutsogolo n'kumakoka chileyi. Koma chipilala cha ku Central Park mu mzinda wa New York anamangira Balto, galu amene anatsogolera chileyi cha Gunnar Kaasen, amene anangomaliza makilomita 85 otsiriza.

Nkhani ya Balto ndi Togo inabutsa mkangano m'basi pobwerera. Amayi athu otsogolera gulu ankati womaliza ndiye amaoneka, n'chimodzimodzi paliponse. Achinyamata anaumirira pa Togo, amene anadutsa pa ayezi wa nyanja ya Norton Sound kukuwomba chimphepo, ali ndi zaka 12. Ine sindinavotere galu aliyense.

Ndege zitayamba kunyamula makalata m'zaka za m'ma 1930, nyumba zambiri zopumulira zinatsekedwa. Womaliza kunyamula makalata a boma ndi agalu anali Chester Noongwook wa ku Savoonga, pa chilumba cha St. Lawrence, amene anasiya mu 1963.

Amene mudzapite ulendo wotsatira, bwerekani nsapato zenizeni za m'chipale. Zathu zogula kumsika zinatigonjera tisanachoke n'komwe pa siteshoni.