Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Usiku umene ndinaiwala ndege

Ndikuthokoza nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitalo, makamaka amayi a ku Monkey Bay amene anandipempha kuti ndisalumphe nkhani ya chimene chinandichotsa m'nsanja yoongolera ndege. Ndazengereza kwa masabata atatu, koma lero ndili pakhonde kuno kwa Mponda ndatsimikiza mtima kuti ndiifotokoze yonse.

Lamulo la ntchito yathu linali lakuti ndege ina ikakhala pamwamba pa inzake, pakati pawo pakhale mafiti osachepera 1,000, ndipo kumene kulibe rada, chida choonetsa pamene ndege zili m'mlengalenga, ndege zotsatizana pa njira imodzi zimasiyanitsidwa ndi nthawi, kawirikawiri mphindi 10. Ndege iliyonse inali ndi kapepala kake patebulo, ndipo thambo lonse limakhala m'mutu mwa munthu amene wagwira wailesi.

Usiku umenewo mnzanga wa m'nsanja, amene ndinaphunzira naye ntchito, anali atathamangira kuchipatala chifukwa mwana wake anali atakomoka ndi malungo. Ndine ndinamuuza kuti apite, ndipo mpaka lero sindimuimba mlandu. Kunali mvula yamabingu, oyendetsa ndege atatu ankapempha kuti apatuke pa njira zawo kuzemba mitambo, lamya yochokera kwa oongolera ndege a ku Beira, ku Mozambique, inkalira, ndipo anzathu a ku Lusaka ankadikira yankho langa. Ndinalola ndege yonyamula katundu kuti ikwere kufika mafiti 17,000, kenaka ndinakankhira kapepala kake pambali kuti ndilembe zimene a ku Beira ankanena. Patapita mphindi zochepa, ndege ya anthu imene inkabwera moyang'anizana nayo inapempha kutsika, ndipo ndinailola kufika mafiti 14,000. Ndege yakatundu ija inali itachokeratu m'maganizo mwanga.

Mawu a woyendetsa ndege ya anthu ndimawamvabe. Analankhula mofatsa kuti TCAS, chida cha m'ndege chochenjeza za kuwombana, yamulamula kuti akwere. Maso anga anagwera pa kapepala kaja, manja anazizira, ndipo kukhosi kunauma. Ndinangovomera uthenga wake n'kukhala chete, pakuti chidacho chikalamula, woongolera ali pansi saloledwa kupereka malangizo otsutsana nacho. Tonse tinkadziwa za Überlingen, ku Germany, kumene pa 1 July 2002 ndege ya Tupolev ya Bashkirian Airlines inawombana ndi Boeing 757 ya DHL n'kupha anthu 71, ambiri mwa iwo ana. Peter Nielsen, amene ankaongolera ndegezo ali yekha ku Zurich, anauza Tupolev kuti itsike pamene TCAS inkaiuza kuti ikwere. Masekondi amene ndinakhala chete aja ndinkaganiza za ana amenewo. Ofufuza anadzandiuza kuti ndege zanga zinadutsana motalikirana mafiti 400 okha.

Achibale ena kuno kumudzi akhala akunena pamaliro ndi paukwati kuti ndinali nditaledzera. Inu amene mumadziwa mmene malemu bambo anga anatilerera mukudziwa kuti mowa sunalowepo pakamwa panga. Ndinali nditatopa, ndinali ndekha, ndipo ntchito ya anthu awiri inandikulira. Mmodzi wa akuluakulu anandinong'oneza kuti ndilembe mu lipoti kuti woyendetsa ndege sanamve bwino malangizo anga. Ndinakana, chifukwa mawu onse a pawailesi amajambulidwa, komanso munthu amene anapulumutsa anthu ake sindikanamusenzetsa cholakwa changa.

Anandichotsa pa wailesi, ndinagwira ntchito ya mu ofesi zaka zinayi, kenaka ndinabwerera kuno ku Mangochi.

M'mawa wotsatira usiku uja ndinafika kunyumba mayi a ana akusesa pabwalo. Anandiyang'ana kumaso n'kufunsa kuti, "Abambo, kodi kwagwa maliro?" Ndinawayankha kuti palibe amene wamwalira, ndipo ndinakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira.